Chowambira nyama choyamba chisakutsukeni m'thumba

Kuotcha nyama ndi kuiwamba ndi ntchito ziwiri zosiyana, ngakhale kuti zonse zimadalira moto. Wootcha kanyenya amaika nyama pamwamba penipeni pa makala a moto, n'kuitembenuza kawiri katatu, ndipo posakhalitsa wogula amakhala akuthira kale mchere ndi tsabola. Wowamba amaika nyama potalikirana ndi moto, n'kuvundikira, kuti ipse pang'onopang'ono mu utsi kwa maola ambiri mpaka itafewa yochita kunyenyeka ndi zala. Luso lachiwirili ndi limene anthu a kumwera kwa dziko la Amereka amalitcha barbecue, ndipo makanema a pa YouTube ndi pa Facebook alifikitsa m'mafoni a anthu ku Lilongwe, ku Chipata, ku Johannesburg ndi ku London komwe. Amene lamukopa mtima amayamba ndi funso lakuti agule chowambira chotani, ndipo amalonda ali ndi mayankho ambirimbiri, ena a mtengo woti munthu atha kugulira njinga yamoto. Maganizo anga ndi akuti wongoyamba kumene agule chowambira cha makala chotsika mtengo, chosavuta kuchimvetsa, chotseka bwino mpweya, ndipo ndalama zotsalazo asungire choyezera kutentha, makala ndi nyama yophunzirira.

Mbiri ya barbecue ikuchitira umboni mfundo imeneyi. Dzinali linachokera ku liwu lakuti barbacoa, limene Asipanishi anamva kwa anthu a mtundu wa Taíno ku zilumba za Caribbean, ndipo linkatanthauza thandala la timitengo. Kumwera kwa Amereka, kwa zaka zambiri, chowambira chinali dzenje lokumba pansi, makala m'kati, mitengo yopingasa pamwamba, ndipo ambiri mwa akatswiri osonkha motowo anali anthu akuda, poyamba ali akapolo, kenako ali mfulu. Henry Perry, amene amatchedwa tate wa barbecue ya ku Kansas City, anayamba cha m'ma 1908 kugulitsa nyama yowamba m'kanjira ka m'tauni, akuikulunga m'nyuzipepala. Ku Texas, eni mabutchala ochokera ku Germany ndi ku Czech ankawamba nyama yotsala pa malonda kuti isaonongeke, ndipo Kreuz Market ya mu mzinda wa Lockhart, imene inatsegulidwa mu 1900, ikadalipo mpaka lero. Aaron Franklin wa ku Austin, amene anthu amaima pamzere maola angapo kuti alaweko nyama yake, anayamba malonda mu 2009 m'kalavani kakang'ono m'mbali mwa msewu, ndipo mu 2015 analandira mphoto ya akatswiri ophika ya James Beard. Onsewa anatchuka chifukwa chodziwa moto, ndipo motowo anaudziwira pa zipangizo wamba.

Kuti munthu asankhe bwino ayenera kudziwa chimene chimachitika pansi pa chivundikiro. Nyama zokoma pa barbecue ndi zolimba, za mitsempha yambiri: ya pachifuwa cha ng'ombe, imene ku Amereka amati brisket, phewa la nkhumba, ndi nthiti. Mukaziotcha pa moto waukali zimauma gwa ngati chikopa. Zikakhalitsa pa kutentha kwa madigiri 107 mpaka 121, mitsempha ija imasungunuka n'kusanduka nomenome ngati wa mu msuzi wa mang'ina. Brisket yathunthu imatha kutenga maola 12 kapena kuposa, ndipo imafewa ikafika madigiri 90 mpaka 95 m'kati mwake. Pakati paulendowu, cha pa madigiri 65 mpaka 75, kutentha kwa nyama kumaima kwa maola, chifukwa madzi otuluka pamwamba pake akamauluka amaiziziritsa monga momwe thukuta limaziziritsira thupi. Apa m'pamene ongoyamba ambiri amataya mtima n'kukolezera moto, nyama n'kupserera kunja. Choncho ntchito yaikulu ya chowambira ndi kusunga kutentha kofanana kwa nthawi yaitali. Moto wa makala umakula kapena kuchepa malinga ndi mpweya umene ukulowa, monga akudziwira aliyense amene anakupizapo mbaula. Chowambira chabwino ndi chimene mpweya umalowera pokhapo pamene mwini wake watsegula, ndipo khalidwe limeneli siliyendera mtengo.

Chipangizo choyamba chokwanitsa zimenezi pa ndalama zochepa ndi chootchera chozungulira, chooneka ngati mabeseni awiri ovundikirana, chimene m'masitolo amachitcha kettle. Anachipanga ndi George Stephen mu 1952 pa kampani ya Weber Brothers Metal Works ku Chicago, podula pakati chitsulo chozungulira choyandama chimene amaika panyanja kuti chilozere sitima njira. Cha masentimita 57 m'lifupi n'chokwanira banja. Powambira, makala oumba amandandalikidwa m'mbali mwa beseni lapansi, mizere iwiri pansi ndi iwiri pamwamba pake, kuzungulira ngati njoka mpaka theka la beseni kapena kupitirira. Pamsana pa njokayo amaikapo tizidutswa tingapo ta nkhuni zouma, pakati mbale ya madzi, kenako makala oyaka 8 kapena 10 kumutu kwake. Nyama imakhala pa waya kumbali imene kulibe moto, ndipo kabowo ka pa chivundikiro kamakhala pamwamba pa nyamayo kuti utsi uidutse usanatuluke. Moto umayenda khala ndi khala kwa maola 6 kapena kuposa osaonjezera kanthu. Tsiku limene mwafuna kanyenya wa msangamsanga, kapena braai ya pa 24 September kwa amene ali ku South Africa, chipangizo chomwecho chikugwirirani ntchito.

Chachiwiri ndi mgolo wa malita 200, umene ochita barbecue ku Amereka amaukonda kwambiri ngakhale amaunyoza maonekedwe. Mmisiri wowotcherera aliyense atha kuukonza: mabowo atatu ang'onoang'ono otsekeka cha kumunsi olowera mpweya, dengu la waya loikamo makala lokwezedwa pang'ono kuti phulusa lizigwera pansi, waya woikapo nyama pafupifupi masentimita 60 pamwamba pa makalawo, ndi chivundikiro chokhala bwino cha timabowo totulukira utsi. Kwa ife a kuno nzeru imeneyi si yachilendo, pakuti milamba ndi kampango zowamba tazidya kuyambira kale, kungoti wa nsomba amawamba kuti ziume zisungike, pamene wa barbecue amawamba kuti nyama ifewe idyedwe tsiku lomwelo. Chenjezo pa mgolo ndi lalikulu ndipo lisapeputsidwe. Mgolo umene munali mankhwala, petulo kapena zinthu zosadziwika usagwiritsidwe ntchito, ndipo kuudula kapena kuuwotcherera kungathe kuuphulitsa. Funani umene munali chakudya, monga mafuta ophikira, muutsuke, muusonkhere moto waukulu kuti penti ndi zomatira za m'kati zipse zonse, kenako muupale. Chitsulo chokutidwa ndi zinki, ngati cha malata, chisakhale pafupi ndi makala, chifukwa chikatentha kwambiri chimatulutsa utsi wodwalitsa.

Msampha umene umakola ongoyamba ambiri ndi chowambira chotchipa cha mtundu wa offset, chija cha mgolo wogona, kabokosi ka moto pambali ndi chumuni kumapeto. Chimakopa chifukwa chimafanana ndi zimene akatswiri a ku Texas amagwiritsa ntchito. Koma za akatswirizo zimapangidwa ndi chitsulo chochindikala pafupifupi mamilimita 6, kawirikawiri kuchokera ku mapaipi a mafuta kapena matanki a gasi, ndipo chitsulo chotere chikatentha chimasunga kutenthako. Zotchipa za m'sitolo n'zopyapyala, zitseko zake sizitseka bwino, utsi umatulukira paliponse, mbali ya kufupi ndi moto imapsereza pamene ya kuchumuni ili yozizira, ndipo mphepo ikangowomba kutentha kumatsika. Munthu amakhalira kusonkhezera tsiku lonse, n'kumadziimba mlandu pa vuto la chipangizo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. N'zoona kuti ena, kuphatikizapo Franklin mwini wake, anaphunzirira pa offset yotsika mtengo, ndipo wakhama atha kumata mipata ndi kuikamo njerwa kuti zisunge kutentha. Koma ndalama ndi nthawi yokonzera zimenezi zikanagula kale kettle yabwino, ndipo wophunzira sayenera kulimbana ndi mavuto awiri pakamodzi, kuphunzira moto ndi kuchiza chipangizo.

Ena anganene kuti chotchipa chimadula pamapeto, ndiye kuli bwino kugula chapamwamba kamodzi n'kuiwala. Mawuwa ali ndi nzeru pa denga la nyumba kapena pa matayala a galimoto, kumene munthu amadziwa kale chimene akufuna. Wongoyamba kuwamba sanadziwe ngati adzapirira maola 10 pafupi ndi moto, ngati banja lake lidzakonda nyama ya utsi, kapena ngati aziwambira anthu anayi kapena a pachinkhoswe. Zowambira za dongo zotchedwa kamado, monga Big Green Egg imene Ed Fisher anayamba kugulitsa ku Atlanta mu 1974, zimasunga kutentha modabwitsa ndipo zimadya makala ochepa, koma n'zodula, n'zolemera, ndipo zikagwa zimasweka. Kwa munthu wa lendi amene amasamuka kawirikawiri, umenewo ndi katundu wovutitsa. Tisiyanitsenso kutsika mtengo ndi kusalimba. Kettle ya chitsulo chabwino yosungidwa pouma imatha zaka zambiri, ndipo yogwirapo kale ntchito imapezeka pa mtengo wochepa. Pogula, yang'anani ngati chivundikiro chikukhala bwino, ngati totsekera mpweya tikutembenuka, ndi ngati pansi sipanadyedwe ndi dzimbiri. Amene luso lamulowa m'magazi adzakwerera pa chowambira cha Weber Smokey Mountain, chimene chinatuluka mu 1981, kapena pa offset yeniyeni, akudziwa chimene akulipirira.

Enanso anganene kuti bwanji osagula choyendera magetsi, chimene chimadzisonkhezera chokha. Zowambira za timibulu ta utuchi wa mitengo, zimene Joe Traeger wa ku Oregon anayambitsa m'zaka za m'ma 1980, zimachitadi zimenezo: mumatchera nambala ya kutentha, kamakina n'kumathira timibuluto pamoto, kachokupizira n'kumauzira mpweya. Kwa wotanganidwa amene ali ndi ndalama, ndipo akukhala kumene timibuluto timagulitsidwa pafupi, chimenechi n'chisankho chomveka. Koma mtengo wake umaposa wa kettle kangapo, chili ndi ziwalo zamagetsi zoonongeka, ndipo magetsi akathima nyama ili pakati paulendo, moto nawo umazima. Wowerenga wa ku Malawi, Zambia kapena Zimbabwe akudziwa bwino za kuthimathima kwa magetsi. Komanso wophunzirira pa makina otere saphunzira kuwerenga utsi. Utsi wabwino ndi wopyapyala, wobiriwira pang'ono ngati thambo, wovuta kuuona. Woyera wa tolotolo umasonyeza kuti nkhuni zikunyeka mosowa mpweya, ndipo umasiya kuwawa pa nyama. Amene wadziwa kusiyanitsa ziwirizi ndi maso ndi mphuno atha kuwamba pa chipangizo chilichonse.

Ndalama zimene zapulumuka zipite choyamba ku choyezera kutentha cha singano yolasa m'nyama. Kawotchi ka pa chivundikiro kamayeza mpweya wa kumwamba, kutali ndi pamene pali nyama, ndipo kawirikawiri kamasocheretsa. Choyezera chabwino chimatetezanso moyo, pakuti nkhuku iyenera kufika madigiri 74 m'kati mwake kuti tizilombo toyambitsa matenda tife, ndipo pa nyama yowamba maso amanama, chifukwa utsi umaisiya yofiirira ngakhale itapsa. Zotsala zipite ku nyama yophunzirira. Yambani ndi ntchafu za nkhuku, kenako nthiti, kenako phewa la nkhumba, limene mafuta ake amabisa zolakwa zambiri. Brisket ndi yodula ndipo sichedwa kuuma, choncho idikire. Za nkhuni, ku Amereka amatama oak, hickory ndi mitengo ya maapulo, koma nthambi zouma za gwafa kapena lalanje zimagwira bwino ntchito. Pewani paini ndi mitengo ina ya utomoni, matabwa opaka penti kapena mankhwala, ndi mitengo ya mkaka waululu monga nkhadze. Makala asayatsidwe m'nyumba kapena m'galaja yotseka, chifukwa amatulutsa mpweya wakupha wosanunkha.

Pali funso lina limene sitingalilambalale, la mitengo. M'dziko limene mapiri akumetedwa mpala chifukwa cha makala, kodi n'koyenera kulimbikitsa kuphika kwa maola ambiri? Nkhawayi ndi yoona, ndipo ku Malawi lamulo la zankhalango limafuna kuti wootcha makala akhale ndi chiphaso. Wowamba wanzeru agule makala a chilolezo kapena oumba kuchokera ku zotsalira za mbewu, ndipo za utsi atenge nthambi zosadzira m'munda wa zipatso. Pano nponso pamene chowambira chotseka bwino chimapambana. Poti mpweya umalowa wochepa, makala amanyeka pang'onopang'ono, ndipo nyama ikapsa mumatseka mabowo onse, moto n'kuzima, makala otsala n'kudikira tsiku lina. Chootchera chapululu kapena offset yodontha mpweya imamaliza zonse mpaka phulusa.

Choncho inu amene mwakopeka ndi luso limeneli, musalowe m'ngongole chifukwa cha chitsulo. Gulani kettle ya masentimita 57, yatsopano kapena yogwirapo kale ntchito, kapena konzetsani mgolo woyera kwa mmisiri wodalirika. Onjezanipo choyezera kutentha ndi kabuku kolembamo nthawi, kutentha ndi mmene nyama yatulukira, kuti kulakwa kwa lero kukhale phunziro la mawa. Tsegulani chivundikiro mwa apo ndi apo, pakuti nthawi iliyonse mukasuzumira kutentha kumathawa. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Wambani kakhumi pa chipangizo chimodzi musanaganize zogula china.