Mfumu ya ku Sharjah yomwe idalola kuyesedwa

Ambiri a ife tikamva za Aluya, maganizo amathamangira kwa Jumbe wa ku Nkhotakota ndi Mlozi wa ku Karonga, poti ndiwo tidawaphunzira kusukulu. Ena amangoganiza za Dubai, kogula mafoni ndi magalimoto. Sabata ino ndati tikambeko za Mluya wina yemwe ndi mfumu komanso katswiri wa mbiri yakale, Sheikh Sultan bin Muhammad Al Qasimi. Iyeyu amalamula Sharjah, dera loyandikana ndi Dubai, limodzi mwa madera 7 omwe amapanga dziko la United Arab Emirates.

Sheikh Sultan adabadwa m'chaka cha 1939, mafuta asanayambe kulemeretsa dera lakwawo. Ali mnyamata adagwirako choko, kuphunzitsa Chingerezi ndi masamu pasukulu yantchito zamanja ku Sharjah. Kenaka adapita ku Cairo, m'dziko la Egypt, komwe adatenga digiri ya zaulimi mu 1971. Chaka chomwecho, m'mwezi wa December, dziko la United Arab Emirates lidabadwa ndipo iye adasankhidwa kukhala nduna ya zamaphunziro.

Pampando waundunawo sadakhalitsepo. Mu January 1972, mkulu wake Sheikh Khalid, yemwe ankalamula Sharjah, adaphedwa pomwe m'bale wawo wina, amene adachotsedwa paufumu mu 1965, ankafuna kulandanso mpando. Ufumu udagwera Sheikh Sultan ali ndi zaka 32, ndipo wakhalapo zaka zoposa 50.

Munthu wina akadafika apo akadatseka mabuku. Mfumu ikafuna kutchedwa dokotala siivutika, pakuti masukulu aukachenjede opereka madigiri aulemu alipo ambiri. Iye nayenso aulemuwo adalandira ochuluka. Koma ali kale mfumu, adakalembetsa payunivesite ya Exeter ku Britain ngati wophunzira, nachita kafukufuku, namupereka kwa oyesa, mpaka adalandira digiri ya PhD ya mbiri yakale mu 1985. Ina adakaitenga ku Durham mu 1999.

Chidamutengera kumeneko n'chiyani? Padali mlandu, ndipo akuluakulu adati mlandu suola. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800, fuko lake la Qawasim lidali ndi zombo zambiri zomwe zinkachita malonda pakati pa nyanja ya Gulf ndi India. Angerezi a kampani ya East India Company ankati anthu amenewa ndi achifwamba a panyanja, olanda zombo ndi kupha amalinyero, moti gombe lonselo adalipatsa dzina loti gombe la achifwamba. Mu 1809 adatumiza zombo zankhondo kukathira nkhondo mzinda wa Ras al-Khaimah. Mu 1819 adabweranso ndi mphamvu zoposa, naugonjetsa mzindawo ndi kuwononga zombo zake. Mu 1820 mafumu a m'gombelo adasaina pangano ndi Angerezi, ndipo kuyambira pamenepo mawu a Britain adayamba kulemera m'deralo mpaka 1971.

Kwa zaka zoposa 150, mabuku ankangobwereza kuti Angerezi adabwera kudzathetsa uchifwamba. Tangoganizani kukula mukuwerenga kuti agogo anu adali mbava, ndipo kuti amene adawatenthera zombo adawachitira zabwino.

Mfumu ili ndi njira zambiri zothetsera nkhani yotere. Ingathe kuletsa mabukuwo, kapena kulamula kuti ana asukulu aziphunzira zina. Sheikh Sultan adasankha njira yotopetsa. Adakafukula makalata a kampaniyo omwe amasungidwa ku Bombay, mzinda womwe lero ukutchedwa Mumbai, n'kumawerenga zomwe akuluakulu a kampani ankalemberana okhaokha. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Zomwe adapeza adazitulutsa mu 1986 m'buku lotchedwa The Myth of Arab Piracy in the Gulf. Mfundo yake ndi yakuti kampaniyo inkafuna kulanda malonda a pakati pa Gulf ndi India, ndipo dzina la uchifwamba lidali chonamizira kuti ipeze chifukwa chogwiritsira ntchito zombo zankhondo. Iye akuti nkhani zambiri za kulandidwa kwa zombo zidali zokokomeza, ndipo zina adapalamula ndi anthu ena koma mlandu n'kugwera a Qawasim.

Kodi adapambana mlanduwo? Osati kwathunthu. Katswiri wina, Charles Davies, adaunikanso nkhaniyi m'buku lomwe lidatuluka mu 1997. Iye adapeza kuti zombo zinkalandidwadi, koma zambiri zinkachitika mkati mwa nkhondo ndi mikangano ya m'deralo, makamaka pakati pa a Qawasim ndi mafumu a ku Oman. Choncho nkhani si yoyera monga mfumu ikunenera, komanso si yakuda monga Angerezi adalembera. Komabe lero wolemba aliyense wosamala amayamba waganiza kawiri asanatchule anthu aja kuti achifwamba.

Apa ndi pomwe pagona phindu la zomwe mfumuyi idachita. Poika maganizo ake m'buku, n'kuonetsa komwe idatenga umboni, idapereka mpata kwa wina aliyense kuti apite ku Mumbai, akawerenge makalata omwewo, n'kuitsutsa. Lamulo la mfumu munthu amangolimvera. Buku la mfumu munthu angathe kulitsutsa. Ndiye kusiyana kwa digiri yogwirira ntchito ndi digiri yongovekedwa pamsonkhano.

Tisabise mawu, wolembayu ndi mwini mlandu. Anthu omwe akuwateteza ndi makolo ake enieni, ndipo ufumu womwe wakhalapo udachokera kwa iwo. Kuwonjezera apo, ku Sharjah mfumu siisankhidwa ndi mavoti, ndipo m'dziko la United Arab Emirates kudzudzula olamula poyera kumaika munthu m'mavuto. Amene adamutsutsa momasuka adatero ali kunja. Nayonso yunivesite ya Exeter idadzalandira thandizo la ndalama kuchokera kwa iye, lomangira nyumba ya maphunziro a Chiarabu ndi Chisilamu. Izi sizichotsa umboni womwe uli m'buku lake, koma wowerenga wanzeru amazisunga m'mutu.

Ngakhale pampando pake, zinthu sizidayende myaa nthawi zonse. Mu June 1987, iye ali kunja kwa dziko, mkulu wake wina, Sheikh Abdulaziz, adalengeza kuti watenga ufumu, ponena kuti chuma cha Sharjah sichikuyenda bwino ndipo ngongole zachuluka. Bwalo la mafumu onse a m'dzikolo lidakhala pansi, ndipo patapita masiku ochepa lidamubwezera Sheikh Sultan pampando. Wina angati mapanga awiri avumbwitsa, kuti munthu sangasamale mosungira chuma ndi mosungira mabuku nthawi imodzi. Koma zaka zomwe zatsatira zaonetsa kuti mabukuwo ndiwo adapatsa Sharjah dzina.

Sharjah ilibe mafuta ochuluka ngati Abu Dhabi, ndipo pamalonda siifika pa Dubai. Chomwe ili nacho ndi chionetsero cha mabuku chomwe chidayamba mu 1982 ndipo tsopano ndi chimodzi mwa zikuluzikulu padziko lapansi. Mu 1997 mfumuyi idatsegula mayunivesite awiri, University of Sharjah ndi American University of Sharjah. Bungwe la UNESCO lidatcha mzindawu likulu la chikhalidwe cha Aluya mu 1998, ndiponso likulu la mabuku padziko lonse mu 2019. Ndalama zamafuta zikadatha kuthera m'nyumba zazitali zokha. Kuti zina zidapita kumalaibulale ndi kumasukulu, n'chifukwa chakuti wogwira thumba adali munthu wowerenga.

Mwa mabuku ake ena, lilipo lomwe likutikhudza ife. Likufotokoza momwe ufumu wa Oman udagawikira pawiri Seyyid Said atamwalira mu 1856, mwana wina kutenga Muscat, wina kutenga Zanzibar. Zanzibar imeneyo ndi yomwe a Jumbe a ku Nkhotakota ankayang'anako, ndipo ndi komwe minyanga ndi akapolo ambiri ochokera kunyanja yathu ankathera. Mbiri ya kwawo ndi ya kwathu zidakumana pamsika umenewo.

Tsono funso lomwe iye adafunsa za makolo ake likuyeneranso kufunsidwa kuno: adalemba ndani, ndipo ankafuna chiyani? Zambiri zomwe timaphunzitsa za Mlozi zidachokera kwa anthu omwe adamenyana naye ndi kumupachika mu 1895, motsogozedwa ndi Harry Johnston. Kufunsa funsoli sikumuyeretsa Mlozi, chifukwa Ankhonde omwe adawatenthera midzi adasiya umboni wawo, ndipo ndi wowawa. Koma kumatithandiza kuona kuti amene adathetsa ukapolo ndi omwewo adatenga dziko, ndipo polemba mbiri sakadadziiwala okha.

Makalata a nthawi ya atsamunda ali ku Zomba, kunyumba yosungira zikalata zakale za boma. Agogo odziwa mbiri ya midzi yathu akutha mmodzimmodzi. Sheikh Sultan adali ndi ndalama zokafika ku Mumbai ndi ku Exeter, zomwe ife tilibe, koma ulendo wa ku Zomba ndi wa minibasi, ndipo wopita kwa agogo ndi wapansi. Chofunika n'chakuti amene alembe, kaya ndi mfumu, kaya ndi mphunzitsi, aonetse komwe watenga umboni wake ndipo alole kuti ena amutsutse.