PA KHONDE LA MADALA: Njinga ya Moto Yopitira ku Shafuti



Sabata ino ndalandira kalata yochokera kwa mnyamata wina wa ku Angónia amene agwira ntchito pa mgodi wa platinamu kufupi ndi Rustenburg. Iye akuti achita lendi chipinda pa mtunda wa makilomita 7 kuchokera pa shafuti, ndipo akakhala pa shifiti ya m'mawa amadzuka kukadali mdima, naima pamsewu kuyembekeza thekisi imene masiku ena siibwera konse. Wakhala akusunga ndalama miyezi 8, ndipo tsopano afuna kugula njinga ya moto yogwirapo kale ntchito, ija ena amati thuthuthu. Funso lake ndi ili: "A Madala, kodi ndigule yaikulu imene mnzanga wandionetsa, kapena kasikuta kamene ndaona pa Facebook?"

Ndiyankha pano poyera, pakuti ndidziwa kuti amene ali ndi funso lotere ndi ambiri. Masiku a makolo athu nkhani iyi kunalibe, chifukwa munthu anali kugona m'kompaundi, ndipo m'mawa anali kungoyenda pansi pang'ono n'kufika pa kheji. Koma kuyambira m'zaka za m'ma 1990 anthu ambiri anatuluka m'mahositele, nayamba kulandira ndalama yokhalira kunja, ndipo ulendo wa tsiku ndi tsiku unasanduka katundu wa mwini wake.

Ndisanalangize mnzanga, ndiyambe ndaulula kupusa kwanga. M'chaka cha 2011 ine ndinagula njinga yaikulu, yofiira, ya 600cc, imene kulira kwake kunali kutembenuza anthu makosi. Pamene ndinafika kwa wogulitsayo masana a Loweruka, ndinapeza injini ili yotentha kale, ndipo inalira pongoikhudza. Za mapepala anandiuza kuti ali m'dzina la mlamu wake amene anachoka pang'ono, koma adzasaina akabwera. Ine, mtima uli dyokodyoko, ndinapereka ndalama zonse. Lolemba m'mawa, mwezi wa Juni, chisanu chili mbuu pa udzu, njinga ija inakana kulira, ndipo kiki inalibe. Ndinaikankha mpaka thukuta, kheji inatsika popanda ine, ndipo ndinataya shifiti. Mlamu uja sanabwere mpaka lero. Potsiriza ndinaigulitsa kwa makaniko kuti achotseko masipeya, pa mtengo wochititsa manyazi, ndipo chaka chimenecho amayi a kunyumba anayembekeza malata a denga pachabe. Akulu sananame ponena kuti chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Tsono mawu anga ndi awa. Njinga yopitira ku ntchito ndi chipangizo, monga jombo ndi nyali yanu. Ntchito yake ndi imodzi: kukufikitsani pa chipata nthawi isanakwane, m'mawa uli wonse, m'chisanu ndi m'mvula. Inu nonse mudziwa kuti munthu salowa pa malo ogwirira ntchito asanagogode denga ndi chitsulo ndi kumvetsera kulira kwake, ngakhale mwala uoneke wosalala chotani. Muchite chimodzimodzi ndi njinga.

YAIKULU KAPENA YAING'ONO?

Pa ulendo wa makilomita 7, njinga ya 125cc kapena 150cc ikwanira ndithu. Werengani nokha: kupita ndi kubwera ndi makilomita 14, ndipo pa mashifiti 24 ndi makilomita 336 pa mwezi. Njinga yaing'ono yosamalidwa bwino iyenda makilomita 35 kapena 40 pa lita imodzi, kotero kuti malita 10 a petulo akutengerani mwezi wonse. Yaikulu imamwa kawiri kuposa pamenepo, ndipo tayala lake, tcheni chake ndi batire lake zonse ndi zokwera mtengo.

Palinso chinthu chimene ambiri sachidziwa: ulendo waufupi umazunza injini kuposa wautali. Injini imaperepeseka kwambiri pa mphindi zoyamba, oyilo asanatenthe ndi kufika pali ponse. Ndiponso petulo akamapsa amatulutsa nthunzi ya madzi, imene ina imatsikira mu oyilo. Pa ulendo wautali madziwo amauma ndi kutentha, koma pa waufupi amakhala momwemo. Batire nalonso limavutika, pakuti sitata imadya moto wambiri, ndipo ulendo wa mphindi khumi, nyali ili chiyakire monga lamulo la South Africa lifunira ngakhale masana, subweza moto wonsewo. Injini yaing'ono imatentha msanga, ndiye chifukwa chake iyenera ulendo wotere. Ndipo musagule yopanda kiki. Tsiku limene batire lidzafooka, mwendo wanu ndi umene udzapulumutsa shifiti.

Nanga sikuta? Ili ndi zabwino zake: ilibe magiya osintha, imatchinga miyendo ku matope, ndipo pansi pa mpando mumalowa chakudya ndi jasi la mvula. Ngati msewu wanu ndi wa phula kuchokera pakhomo mpaka pa chipata, sikuta ndi yabwino. Koma magudumu ake ndi aang'ono, a mainchesi 10 kapena 12, pamene a njinga ndi 17 kapena 18. Gudumu laling'ono limagwera m'dzenje limene lalikulu likadangodutsa, ndipo ambiri a ife tikhala kumene msewu ndi wa fumbi ndi maenje, ndipo tiyenda mumdima. Yendani msewu wanu ndi maso musanasankhe.

Za mtundu, funsani makaniko wa pafupi ndi inu kuti masipeya opezeka msanga ndi a njinga iti. Honda Ace 125, Bajaj Boxer 150, TVS HLX ndi Big Boy zimaoneka zambiri m'misewu ya kuno. Njinga yachilendo imene sipeya wake achokera kutali ikhoza kugona mwezi wathunthu chifukwa cha kachitsulo kamodzi.

KUGOGODA DENGA

Muuze wogulitsa kuti mudzabwera m'mawa, ndipo asailize inu musanafike. Mukafika, gwirani injini ndi dzanja. Ngati ili yofunda, bwererani, mudzabwerenso tsiku lina. Njinga yabwino imalira pa kiki yachiwiri kapena yachitatu ili yozizira, ndipo imakhazikika yokha. Penyani utsi. Woyera umene utha injini ikatentha ndi nthunzi chabe. Wakuda ndiye kuti ikumwa petulo wopitirira. Koma wobiriwira ngati mtambo ndiye kuti ikutentha oyilo, ndipo kukonza kwake ndi kutsegula injini. Tsegulani potsirira oyilo: mukaona zoyera ngati mkaka, madzi alowamo.

Musakhulupirire kwambiri nambala ya makilomita, chifukwa waya wake ndi wosavuta kuchotsa. Penyani mphira wopondapo phazi ndi wa pa mahandulo, amene sanama. Njinga zambiri zazing'ono zimene zigulitsidwa masiku ano zinali zonyamula chakudya m'matauni, zoyenda kuyambira m'mawa mpaka usiku. Mudzazidziwa ndi mabowo kapena zipsera za bokosi pa kaliyala.

Kokani tcheni kumbuyo kwa gudumu la mano. Chikanyamuka mpaka kuonetsa dzino, kapena mano ali osongoka ndi opindika ngati mbedza, zonse ziyenera kusinthidwa. Imikani njinga pa sitandi ya pakati, gudumu lakutsogolo lili m'mwamba, ndi kutembenuza mahandulo uku ndi uku, asamagwire pakati. Penyani ngati mafoloko akukha oyilo. Imani kumbuyo kwake muone ngati magudumu awiri ali pa mzere umodzi, pakuti njinga imene inagundapo mwamphamvu imayenda chammbali ngati nkhanu. Pa tayala, lamulo lifuna mizere yakuya milimita imodzi kapena kuposa, koma penyaninso zaka zake: m'mbali mwa tayala muli manambala anayi, ndipo 2319 atanthauza sabata ya 23 ya chaka cha 2019. Tayala lokalamba limauma, ndipo limaterereka pa mvula ngakhale mizere ikhalepo. Yesani mabuleki onse awiri, nyali, hutala ndi zolozera. Ngati simudziwa za injini, lipirani makaniko apite nanu. Safunsa anadya phula.

MAPEPALA

Apa ndi pamene ine ndinagwa, ndipo ndikupemphani muwerenge kawiri. Funsani chikalata chenicheni cha kalembera wa njingayo, osati chojambula. Dzina lili pamenepo likhale la munthu amene waima pamaso panu, ndipo muone chiphaso chake. Chikalatacho chimatchula mwini njinga, ndiponso amene ali ndi ulamuliro pa iyo. Ngati pachiwiripo pali dzina la banki, ngongole siinathe, ndipo njingayo siingakhale yanu banki isanalole. Nambala ya felemu ili ndi zilembo ndi manambala 17, yodindidwa pa khosi la njinga pansi pa mahandulo, ndipo ya injini ili pa thupi la injini. Zifanane ndi za pa chikalata chimodzi chimodzi. Mukaona popalidwa kapena popakidwa penti yatsopano pa malo amenewo, chokanipo msanga. Kupezeka ndi katundu wakuba ndi mlandu, ndipo kwa ife alendo mlandu wotere ukhoza kutha ndi ntchito ndi chilolezo chokhalira m'dziko.

Wogulitsa adzaze fomu ya NCO yodziwitsa kuti njinga yasintha mwini, ndipo inu muyenera kuilembetsa m'dzina lanu masiku 21 asanathe, mutatenga fomu ya RLV ndi chikalata cha roadworthy. Amene alibe chiphaso cha South Africa ayambe wapeza Traffic Register Number ku ofesi ya za pamsewu. Kumbukiraninso kuti laisensi ya galimoto siilola munthu kukwera njinga ya moto. Code A1 ndi ya njinga yosapitirira 125cc, ndipo yoposa pamenepo, ngakhale 150cc, ifuna Code A. Amene akadali ndi laisensi yophunzirira saloledwa kunyamula mnzake.

Chifukwa cha zonsezi, musathere ndalama zonse pa mtengo wa njinga. Siyani gawo la mapepala, la oyilo watsopano, la loko wolimba ndi la chisoti. Ndanena chisoti cha njinga, chomanga pansi pa chibwano. Makarapa a mumgodi anapangidwira mwala wogwa kuchokera kumwamba, ndipo pa ngozi ya pamsewu amangouluka. Valaninso chovala chowala, pakuti pa nthawi imene ife tituluka, oyendetsa malole ndi mathekisi ali ndi tulo m'maso.

Ena amati, "Ndigula yoti ndidzapite nayo kumudzi." Ndi maganizo abwino, ndipo njinga za mtundu wa Boxer masipeya ake sasowa ku Malawi, ku Chipata ndi ku Tete chifukwa cha anyamata a kabaza. Koma kuti ituluke m'dziko lino pafunika chikalata cha apolisi chotsimikiza kuti si yakuba, ndipo pa chipata cha dziko lanu pali msonkho. Njinga imene ilibe dzina lanu idzathera pa Beitbridge.

Tsono kwa iwe mwana wanga wa ku Angónia, yankho langa ndi ili. Yaikulu ya mnzakoyo isiye. Ngati msewu wako ndi wa fumbi, isiyenso sikuta, ufune 125cc yokhala ndi kiki ndi mapepala oyera, ngakhale penti yake ikhale yosuluka. Ukaigula, usinthe oyilo pa miyezi isanu ndi umodzi ili yonse ngakhale makilomita asanakwane, ndipo Lamulungu lili lonse uyende nayo theka la ola kuti itenthe bwino ndi kudzaza batire. Yanga yachiwiri, imene ndinagula nditachenjera, inali yaing'ono ndi yosaoneka bwino, ndipo anyamata anali kuiseka pa chipata. Inanditumikira zaka 6 osanditayitsa shifiti, ndipo malata aja anakwera pa denga.

Sabata ya mawa tidzakambirana za kutumiza ndalama kumudzi. Pitirizani kundilembera makalata. Khalani bwino, ndipo gogodani denga musanalowe.

Ndatha ine wanu,
MADALA