Penisilini Akanatipulumutsa, Ndipo Mpaka Pano Akusowa

Ife amene mitima yathu inawonongeka ndi nyamakazi tikutula madandaulo athu kwa inu akuluakulu oyendetsa zaumoyo.

Ambiri a ife matendawa anatigwira tili ana asukulu. Zinayamba ndi zilonda zapakhosi. Tinamwa panado n'kubwerera m'kalasi. Patatha milungu iwiri kapena itatu maondo ndi akakolo anatupa, ululu n'kumachoka pa mfundo iyi kukatera pa ina. Palibe anatiuza kuti thupi, polimbana ndi kachilombo ka streptococcus kamene kanali pakhosi paja, linali likuwononganso mavavu a mtima. Penisilini akanaletsa zonsezi, mankhwala akalekale, otsika mtengo. Ichi ndicho chimatiwawa kuposa matenda enieniwo.

Zaka zitadutsa kunabwera befu. Kukwera kamtunda kopita ku mjigo, befu. Kugona chagada sitingathe, timagona chokhala titatsamira khoma. Miyendo kutupa, chifuwa chosatha usiku. Kuchipatala chaching'ono ena anatiuza kuti ndi mphumu, ena anatiyeza makhololo kufuna TB, pomwe kumudzi achibale ankanong'onezana kuti tinalodzedwa. Amayi ena mwa ife anadziwa za vutoli ali ndi pakati, mtima utalephera kusenza awiri, ndipo alipo anzathu amene sanabwereko ku chikuta.

Choonadi chimaoneka pa makina a echo, ojambula mtima ukugunda. Koma makinawo ambiri timakawapeza ku zipatala zikuluzikulu za m'mizinda. Wa kumudzi agulitse mbuzi kuti apeze thiransipoti, n'kukauzidwa kuti abwere tsiku lina.

Ndiye pali jakisoni wa benzathine penisilini, wobayidwa milungu itatu kapena inayi iliyonse kwa zaka zambiri, ena moyo wonse. Ndi wowawa, koma timamufuna, chifukwa ndiye amaletsa nyamakazi kubwereranso kudzaonjezera bala pa mtima. Timayenda mtunda ndi mtima wofookawu, tikafika n'kumva kuti mankhwala atha, tikagule ku famase. Furosemide wochotsa madzi m'thupi nayenso chimodzimodzi. Tigula ndi chiyani pamene khasu linatikanika kale? Anzathu ochepa amene anachita mwayi wokachitidwa opaleshoni ku India ndi kuikidwa vavu yachitsulo amamwa warfarin tsiku lililonse, ndipo magazi awo amafunika kuyezedwa pafupipafupi. Kumene amakhala kulibe kowayezera.

Musanene kuti sizingatheke. Mu 2018 msonkhano waukulu wa World Health Organization unagwirizana zolimbana ndi nthenda yathuyi. Mu 2022 nduna za zaumoyo za mu Africa, pa msonkhano wa ku Lomé, zinavomereza ndondomeko ya PEN-Plus, yakuti matenda aakulu ngati athuwa azithandizidwa pa zipatala za m'maboma. Ku Neno anamwino ndi madokotala athu omwewa anaphunzitsidwa kujambula mtima ndi kamakina konyamula pamanja. Nanga maboma ena atsalira pati?

Tikupempha kuti jakisoni wathu asamasowe pa chipatala chilichonse, ndiponso kuti echo ifike pa boma lililonse. Alangizi a zaumoyo auze makolo ku sikelo, aphunzitsi auze ana m'kalasi, kuti mwana amene akumva kuwawa pakhosi ndi kutentha thupi apite kuchipatala sabata yomweyo, ndipo kumeneko akapeze penisilini alipo.