Brufen ndi Indocid si maswiti

Makolo, ophunzira ndi akuluakulu a komiti ya mzikiti, pali chizolowezi chimene chazika mizu kuno kwathu. Mlimi wa mpunga akaweruka ku sikimu ya Bwanje msana uli wawa, msodzi akachoka pa nyanja, kapena mtsikana akamva cham'mimba pa nthawi ya kumwezi, amangothamangira pa okala kukagula Brufen, Indocid kapena diclofenac. Ena amaphatikiza mitundu iwiri, amvekere, "kuti zigwire msanga".

Ife tikuti chizolowezichi chithe. Mankhwalawa amapha ululu ndithu, koma amachepetsanso chitetezo cha chifu. Chifu chili ndi mamina amene amachiteteza ku asidi wogaya chakudya. Maminawo akachepa, asidi amayamba kudya chifucho, pamabuka zilonda, ndipo nthawi zina magazi amatuluka m'kati munthu osadziwa. Kumwera pa chakudya kumachepetsa kutentha kwa pamtima, koma sikuchotsa ngoziyi, chifukwa mankhwalawa amafikanso ku chifu kudzera m'magazi. Paja ena amasakaniza Indocid ndi chakudya pofuna kupha makoswe. Ndiye ife tizimwa tsiku ndi tsiku popanda kufunsa?

Amene ali pa ngozi kwambiri ndi agogo athu, amene anadwalapo zilonda za m'mimba, osuta fodya, ndi amene amamwa kale aspirin wa matenda a mtima. Amayi oyembekezera asamwe popanda uphungu wa kuchipatala, ndipo mwana wosakwana zaka 16 asapatsidwe aspirin.

M'mwezi wa Ramadhan tisamale koposa. Kumeza mapiritsi awa pa daku, kenako n'kukhala tsiku lonse m'mimba mopanda kanthu ndi kutentha kwa kuno kuchigwa, n'kuzunza chifu ndi impso zomwe. Qur'an, mu Surah Al-Baqarah, inalola wodwala kumasula swaumu n'kudzabweza masikuwo akachira. Thupi ndi amana yochokera kwa Allah.

Pa ululu wamba tiyambire Panado, motsata mlingo wolembedwa pa paketi. Thupi likatentha, tikayezetse kaye malungo. Chimbudzi chikada bii ngati phula, munthu akasanza magazi, kapena m'mimba mukapweteka mosalekeza, asiye mapiritsiwo ndipo apite ku chipatala cha Mua kapena cha Mtakataka tsiku lomwelo, osadikira kuche.

Tikupempha komiti ya mzikiti kuti Ramadhan isanafike iitane wazaumoyo adzatiyankhule ikatha swala ya Ijumaa. Inu ophunzira, mukawerengere agogo anu nkhaniyi, ndipo mukaone mapiritsi amene amanga pa nsonga ya chitenje.