Nkhokwe Yakale Yatha

Abale, monga kalata ifuna keyala, chomwecho lamya yolowa pa intaneti ifuna nambala yache. Manambala akale, a IPv4, anangopitirira 4 biliyoni. Nkhokwe yao yaikulu inatha m'chaka cha 2011, ndipo AFRINIC, yogawira Afrika, igawa otsalawo mopimira. Atsopano, a IPv6, ngochuluka ngati mchenga, koma afuna amisiri owadziwa.

Ena ati, Izo nza kutauni. Iai! Ofika m'mbuyo ndife, a ku Ntaja, Ulongwe ndi Utale. Tidzapeza mphika wouma.

Chifukwa chache tidandaulira MACRA, yosunga thumba lothandiza midzi, ipatuleko ndalama zophunzitsira ana athu nchito imeneyi. Pakuti nsanja yopanda mmisiri ifanana ndi sukulu yopanda mphunzitsi.