Matimu 18 mu Super League: adzapindule ndani?

Sizoni ikamatha, matimu atatu akulongedza katundu kutsazika ligi yaikulu, funso limodzimodzi limabukanso pa wailesi ndi pakati pa masapota: bwanji osawonjezera matimu kuti afike 18, kapenanso 20? Ofunsawo amakhala ndi mfundo zomveka. Dziko lino lili ndi maboma 28, anthu ake adaposa 17 miliyoni pa kalembera wa 2018, ndipo palibe mudzi umene ana sathamangitsa mpira dzuwa likapendeka. Malo 16 ndi ochepa, iwo amatero. Ife sitikutsutsa kuti luso lilipo lambiri. Koma akuluakulu a mabungwe oyendetsa mpira a SULOM ndi FAM asanakhale pansi kukambirana za chiwerengero, pali mafunso ena amene ayenera kuyamba ayankha.

Loyamba ndi ili: kuyambira 1986 pamene Super League idakhazikitsidwa, kodi chikho chidagonapo kunja kwa Blantyre ndi Lilongwe? Werengani maina a akatswiri. Maule (Bullets), Manoma (Wanderers), Silver Strikers, Civo, MDC United, Admarc Tigers, Escom United. Ngakhale Kamuzu Barracks, imene idadabwitsa dziko potenga ligi mu 2016, ndi ya ku Lilongwe komweko. Bullets idatenga ligi kasanu motsatizana kuchokera 2018 kufika 2023, ndipo amene adailanda mu 2024 ndi Silver. Zaka pafupifupi 40 zonsezi, chigawo cha kumpoto sichidanyamulepo chikho cha ligi. Kodi tinene kuti ku Karonga, ku Rumphi ndi ku Mzimba kumabadwa ana osadziwa kuchinya? Nanga chigoli chija chimene Gabadinho Mhango adamwetsa Morocco ali kutali ndi golo, ku AFCON ya ku Cameroon mu January 2022, adachimenya ndi mwendo wa mwana wa kuti? Mnyamatayo kwawo ndi ku Chiweta, m'boma la Rumphi. Dzina adalipangira ku Blantyre.

Luso lilipo paliponse. Chimene chidaunjikana malo awiri ndi ndalama. Kumbuyo kwa Bullets kuli kampani ya Nyasa Manufacturing ndi banki ya First Capital. Wanderers imatsamira pa Thomson Mpinganjira ndi makampani amene amaika maina awo pa jezi yabuluu. Silver ndi mwana wa Reserve Bank. Matimu a asilikali ndi apolisi, monga Moyale Barracks, MAFCO, Kamuzu Barracks ndi Blue Eagles, ali ndi mwayi wina: osewera awo ambiri ndi ogwira ntchito m'boma, malipiro amabwera kaya timu yapambana kaya yagonja. Nanga Karonga United ndi Chitipa United zimadalira yani? Wamalonda mmodzi wokonda mpira, zopereka za akufuna kwabwino, ndi kandalama ka pageti kamene kamatsala atachotsa za mwini bwalo, za apolisi ndi za mabungwe oyendetsa mpira. Wamalondayo akatopa, timu imatopera limodzi. Tikawonjezera matimu awiri, adzakhala a gulu liti mwa magulu atatuwa? Aliyense akudziwa yankho: adzakhala a gulu lomalizali, pakuti banki kapena kampani yaikulu imene ikufuna kukhala ndi timu sidikira kuti malo awonjezedwe.

Ndiye pali msewu. Apa tichedwepo, chifukwa amene amawonera mpira atakhala pamthunzi ku Kamuzu Stadium sauganizira kwenikweni. Kuchoka ku Karonga kufika ku Blantyre ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 900. Wochokera ku Chitipa amawonjezapo ena pafupifupi 100. Basi imanyamuka kusanache, anyamata atapanikizana ndi zikwama, mipira ndi zigubu za madzi m'miyendo. Imakwera mapiri a Chiweta mokwawa kumbuyo kwa malole, n'kudutsa m'Chikangawa, ku Jenda, ku Kasungu, ndipo ikamafika ku Lilongwe mawondo a osewera amakhala atauma, ulendo usanathe. Kwa zaka zambiri, pofuna kupulumutsa mafuta, timu yotere inkapatsidwa masewero awiri pa ulendo umodzi: Loweruka ndi timu ina, Lamulungu ndi inanso imene yapuma sabata yathunthu. Ikagonja onse awiri, tinkati ndi yofooka. Kodi ndi mwendo wa munthu uti umene ungapirire zimenezo?

Inde, Maule ndi Manoma nawonso amapita kumpoto. Koma amapita kangati? Matimu ambiri a mu ligi ali kummwera ndi pakati, choncho kwa timu ya mu Blantyre masewero angapo otchedwa a koyenda amachitikira mu mzinda womwewo, osewera n'kukagona kunyumba kwawo. Kwa timu ya ku Karonga pafupifupi ulendo uliwonse ndi wogonera, wofuna mafuta, malo ogona ndi chakudya cha anthu oposa 20. Tsopano tiwerengere limodzi. Matimu 16 ndiye kuti timu iliyonse imasewera masewero 30, ligi yonse 240. Akakhala 18, timu iliyonse idzasewera 34, ligi yonse 306. Masewero 66 owonjezerawo akufuna oyimbira, apolisi, mabwalo ndi masiku pa kalendala imene ndi yodzaza kale ndi zikho komanso masewero a Flames. Adzalipira ndani? Ngati yankho ndi lakuti timu iliyonse idzionere yokha, ndiye kuti kukulitsa ligi kudzalemetsa katundu wa iye amene akuwerama kale.

Za mabwalo n'zochititsa manyazi. Lilongwe idalandira Bingu National Stadium mu 2017, bwalo lolowa anthu pafupifupi 40,000. Mzuzu, mzinda waukulu wa chigawo chonse cha kumpoto, ili ndi bwalo limene lakhala likulephera mayeso a FAM, mpaka matimu a mu mzindawo kukachitira masewero a pakhomo ku Rumphi. Chitipa United idakhala zaka ikulandirira alendo ku Karonga. Pakhomo potani pamene sapota ankayenera kulipira galimoto ya makilomita 100 kuti akaone timu yake? Mayi wogulitsa mandasi pa Chitipa boma, mnyamata wa kabaza, mwini resitihausi, onsewa amene akadadyerera pa tsiku la mpira, ankangomvera pa wailesi. Sitikudzudzula FAM poumirira pa malamulo a ziphaso za makalabu; bwalo lopanda mpanda wolimba ndi zipinda zosinthira ndi ngozi kwa osewera ndi oyimbira. Tikufunsa makhonsolo ndi unduna wa zamasewero: timu yatsopano imene mukuifuna idzasewerera pati?

Ndipo mbiri ya matimu olowa kumene ikutiuza chiyani? Rumphi United idalowa mu 2022 n'kutuluka chaka chomwecho. Extreme FC ya ku Mchinji idachita chimodzimodzi mu 2023. Baka City ya ku Karonga idabwera mu 2024, sizoni itatha idabwerera. Matimuwa sadasowe malo mu ligi, malo adapatsidwa. Adasowa mphamvu yokhalitsa. Tikatsegula makomo ena awiri popanda kusintha china chilichonse, kodi sitikungowonjezera matimu oti akuluakulu azikololapo mapointi ndi zigoli?

Timu yaing'ono ikachita bwino, chilango chake chimabwera msanga. Ekwendeni Hammers itafika mu ndime yomaliza ya chikho cha FDH Bank mu 2021, dziko lidaona kuti kumpoto kungatuluke timu yoopsa. Koma chimachitika n'chiyani kwa timu yotere msika wa osewera ukatsegulidwa? Wogwira pagolo uyo wapita ku Lilongwe, womwetsa zigoli uyo ali ku Blantyre, mphunzitsi akuyambanso kuphunzitsa ana atsopano. Sitingamuletse mnyamata kutsata malipiro abwino; ali ndi makolo ndi azibale omuyang'anira. Funso lathu likupita kwa oyendetsa mpira. Malamulo a FIFA amati wosewera akagulitsidwa kunja ali pa kontirakiti, 5 peresenti ya mtengo wake igawidwe kwa matimu amene adamulera kuyambira ali ndi zaka 12 kufika 23. Kodi timu ya kumudzi imene idamugulira nsapato zoyamba imathandizidwa kulondola ndalamayo? Nanga wosewera akachoka ku Karonga kupita ku Blantyre, pali dongosolo lolimba loonetsetsa kuti womulera walandira chake, pa nthawi yake?

Kubwera kwa National Division League mu 2025 kwawonjezera funso lina. Kale chigawo chilichonse chinkatumiza katswiri wake mmodzi mu Super League, kotero kuti kumpoto kunali ndi khomo lake chaka ndi chaka. Ligi yachiwiri ya dziko lonse ndi ganizo labwino, chifukwa timu imafika pamwamba itazolowera maulendo ndi mpikisano wolimba. Koma ngati okwera azituluka pa tebulo limodzi, ndani adzapirire maulendo amenewo? Si yemwe uja wa thumba lonona, wa pafupi ndi mizinda iwiri ija? Tingadzadzidzimuke tsiku lina titapeza ligi ya matimu 18 imene ili ndi matimu a kumpoto ochepa kuposa lero.

Wina asaganize kuti nkhaniyi ndi ya kumpoto kokha. Mawu akuti "kummwera" amabisa zambiri. Nsanje ndi Chikwawa zili kummwera, koma mwana wa kumeneko amaona liti mpira wa ligi pabwalo la kwawo? Nanga Machinga, Phalombe, Ntchisi? Mpanda weniweni uli pakati pa mizinda iwiri ndi dziko lonse lotsala.

Sitikupempha kuti timu ina ipatsidwe malo mwaulere chifukwa cha kumene ikuchokera. Masapota a ku Mzuzu sangakondwere ndi timu yosungidwa mwachifundo, ndipo ligi yotere ingataye ulemu. Tikupempha zinthu zowerengeka. Pakhale thumba la maulendo, lochokera ku ndalama za wothandiza ligi, logawidwa potengera makilomita amene timu imayenda pa sizoni. Ndalama za wailesi ndi kanema zigawidwe mofanana kwa matimu onse, pakuti Maule sangasewere okha. Timu isakakamizidwe kusewera masewero awiri m'masiku awiri. Bwalo la Mzuzu likonzedwe kotheratu, lisamangopakidwa utoto oyendera akayandikira.

Choncho amene adzaime pa msonkhano wa SULOM n'kupereka ganizo la matimu 18 abwere ndi pepala m'manja. Atiuze kuti masewero 66 owonjezerawo adzadya ndalama zingati, ndalamazo zichokera kuti, matimu awiriwo adzasewerera pa mabwalo ati, ndipo basi ya Chitipa United idzathiridwa mafuta ndi ndani. Akapanda kuyankha, nthumwi za makalabu zikane ganizolo, ligi ikhale ya matimu 16 kufikira mayankhowo atapezeka.