Wophunzira Chingerezi Asathere M'kalasi Mokha

Makolo ambiri, makamaka ife ogwira ntchito m'boma, tikamatsazika mwana wopita ku Yunivesite timamuuza kuti akalimbikire mabuku okha, za magulu ndi zisudzo akazitaye chifukwa nzotayitsa nthaŵi. Langizo limeneli limachokera mu mtima wachikondi, koma kwa mwana amene akukaphunzira Chingerezi ndi langizo lomulanda theka la maphunziro ake.

Chiyankhulo chili ngati khasu: chimathwa pochigwiritsa ntchito. Mwana angathe kuŵerenga Shakespeare ndi Chinua Achebe zaka zinayi, nakhoza mayeso onse, koma akalephera kulemba kalata yomveka kapena kuimirira pamsonkhano ndi kufotokoza mfundo, ndalama zimene makolo ndi dziko adatayira pa iye zapita m'madzi.

Mbiri ya sukulu ya Chancellor College, imene idasamukira ku Zomba mu 1973 ndipo kuyambira 2021 ikudziŵika ndi dzina loti University of Malaŵi, ndi mboni ya zimenezi. Mu 1970 ophunzira ndi aphunzitsi ena adayambitsa gulu la alembi lotchedwa Writers' Group. Ankakumana sabata ndi sabata. Wolemba ankaŵerenga ndakatulo kapena nthano yake pamaso pa anzake, ndipo onse ankaisanthula mopanda kuyang'ana nkhope, mphunzitsi ndi wophunzira chimodzimodzi. Pasanathe nthaŵi, mu 1971, padatuluka kabuku ka ndakatulo 39 kotchedwa Mau. M'gulu limeneli mudadutsa a Jack Mapanje, a Lupenga Mphande, a Frank Chipasula, a Anthony Nazombe ndi a Ken Lipenga, amene pambuyo pake adakhala mkonzi wa nyuzipepala ndiponso, mu 2011, nduna ya zachuma. Panalibe malikisi a mayeso amene ankaperekedwa pa misonkhano ija, komabe ndiyo idasula anthuŵa.

Chimodzimodzinso gulu la zisudzo la Travelling Theatre. Poyamba linkaonetsa maseŵero a Chingerezi, makamaka m'sukulu. M'zaka za m'ma 1980, mothandizidwa ndi aphunzitsi monga a Chris Kamlongera ndi a David Kerr, lidayamba kupita kumidzi ndi maseŵero a m'Chicheŵa. Ku Mbalachanda m'boma la Mzimba mu 1981, ndiponso pambuyo pake m'midzi yozungulira Liwonde, ophunzira ankayamba acheza ndi eni mudzi, kumva mavuto awo a ulimi, madzi ndi ukhondo, kenaka nkupanga seŵero limene anthuwo ankaloŵamo ndi kuyankhapo. Wophunzira wodutsa m'ntchito yotere amabwerako atadziŵa kumvetsera, chinthu chimene mlangizi, mphunzitsi ndi bwanamkubwa aliyense ayenera kukhala nacho.

Nzoona kuti mantha a makolo ena ali ndi gwero lake. A Mapanje, ali mkulu wa nthambi ya Chingerezi, adamangidwa mu 1987 natsekeredwa ku Mikuyu popanda kuzengedwa mlandu mpaka 1991. Koma Malamulo oyendetsera dziko a 1994 adakhazikitsa ufulu wolankhula ndi wosonkhana, ndipo si nzeru kuti mwana wa lero azibisala m'chipinda chifukwa cha mvula imene idakata kale.

Kodi tsono wophunzira achite chiyani? Choyamba, aloŵe gulu la alembi, ndipo ngati pasukulu pake palibe, aitane anzake asanu ayambe okha, pakuti pamafunika chipinda, mapepala ndi kulimba mtima basi. Chachiŵiri, aloŵe m'zisudzo. Amene ali ndi manyazi angathe kulemba seŵero, kukonza zovala kapena kumasulira mawu. Chachitatu, alembe nkhani m'kanyuzi ka ophunzira, ayankhule pa wailesi ya pasukulu, achite nawo mitsutso. Chachinayi, apite m'sukulu za sekondale zoyandikana nazo akathandize ang'ono ake amene akukonzekera mayeso a Chingerezi, phunziro limene wophunzira aliyense ayenera kukhoza kuti alandire satifiketi ya MSCE. Zonsezi aziyambe chaka choyamba, chifukwa m'mera mpoyamba. Asankhe gulu limodzi kapena aŵiri nkuŵagwira zolimba, pakuti mapanga aŵiri avumbwitsa, ndipo kalasi asaliiŵale.

Mawu ena apite kwa inu akuluakulu a m'maofesi amene mumalemba anthu ntchito. Mnyamata kapena mtsikana akabwera ndi digiri yake, musalekere pa kuyang'ana pepala. Mumufunse chimene adalemba, gulu limene adatsogolera ndi mudzi umene adatumikira. Ophunzira akamva kuti mafunso ameneŵa akufunsidwa ku Capital Hill ndi m'maofesi a m'maboma, sadzadikira kuti wina aŵakankhe.

Tiyeni, makolo anzanga, tisinthe mawu athu otsazikira. Timuuze mwanayo kuti akaŵerenge zolimba, komanso kuti akatuluke m'chipinda, akalembe, akayankhule ndi kutumikira anzake.